Tsiku limene ndege inafunsa anthu a ku Khondowe

Munthu akamakwera msewu wa Gorodi kuchokera pa Chitimba, maso ake sakhala kumwamba ayi. Amakhala pa mawilo a galimoto ndi pa phompho lili kumbaliko, uku akuwerenga makona chamumtima mpaka akwane 20. Akapuma ndiye kuti wafika pa Khondowe, pomwe Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894 kuchokera ku Bandawe. Alendo ambiri amathamangira ku mathithi a Manchewe kapena kukaona tchalitchi. Ine chimene chimandikoka chili pa kapinga pafupi ndi Stone House, nyumba yamiyala imene Laws ankakhala. Ndi zilembo zikuluzikulu zoyalidwa pansi, zoti ukaima pafupi umachita kuyenda chammbali kuti uziwerenge chimodzichimodzi. Sanazilembere munthu woyenda pansi. Anazilembera woyendetsa ndege.

Chinali chaka cha 1959, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kumpoto kunali kutatentha kale. Mwezi wa Febuluwale anthu a chipani cha Nyasaland African Congress anatseka bwalo la ndege la Fort Hill, komwe lero ndi ku Chitipa, kuti pasatere ndege iliyonse. Pa 3 Malichi bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency. Dr Kamuzu Banda anamugwira mbandakucha n'kumuwulutsa kupita kundende ya Gwelo, ndipo tsiku lomwelo asilikali anawombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay, anthu 20 n'kufera pomwepo. Boma la atsamunda linkakhulupirira, kapena linkafuna kuti dziko likhulupirire, kuti pali chiwembu chopha azungu onse.

Livingstonia inali pamwamba pa phiri, misewu yosadalirika, mauthenga osafika. Tsono boma linatumiza ndege. Inazungulira pamwamba pa mishoni n'kuponya chitini chopanda kanthu cha utsi wokhetsa misozi, m'kati mwake muli kalata. Kalatayo inali ndi funso limodzi ndi mayankho awiri okonzeratu: ngati muli pachiopsezo ndipo mukufuna tidzakuchotseni, lembani chilembo V pansi, ngati muli bwino, lembani I. Ndege ibweranso kudzaona.

Taganizani za chitinicho. Funso la mtendere linabwera m'chotengera cha nkhondo, ndipo linali lopita kwa azungu okha, ngakhale pamalopo panali aphunzitsi, abusa, anamwino, ana a sukulu ndi anthu a m'midzi ya Aphoka amene nawonso anali ndi moyo woti autaye. Amishoni aja, motsogozedwa ndi mkulu wa sukulu Fergus Macpherson, sanayankhe paokha. Anakhala pansi ndi anzawo akuda n'kukambirana. M'mene ndege imabweranso, inapeza pa kapinga pali njerwa zopakidwa laimu zikutchula vesi la m'Baibulo, Aefeso 2:14, lomwe limakamba za kugwetsedwa kwa khoma lolekanitsa mitundu iwiri ya anthu. Ndege inajambula, chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala za kunja, ndipo nkhani yoti wakuda ndi mzungu sangakhale pamodzi ku Nyasaland popanda mfuti inayamba kuwonekera ng'amba. Mbusa wa ku Ireland, Bill Jackson, yemwe analipo, anadzailemba nkhaniyi m'buku lake la Send Us Friends.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri pa guwa, ndipo m'pake. Koma ine ndimaiwerenganso ngati nkhani ya momwe eni mphamvu za mumlengalenga amafunsira anthu a pansi. Amabwera ndi mayankho awo m'thumba, iwe ntchito yako n'kusankha. Anthu a pa Khondowe anapereka yankho lachitatu lomwe pa kalata panalibe malo ake.

Boma linatani nalo yankholo? Chaka chomwecho Britain inatumiza woweruza Patrick Devlin kudzamva mbali zonse. Iye anayenda, anamvetsera, ndipo lipoti lake la mwezi wa Julaye linati umboni wa chiwembu chopha azungu onse chija unali wosagwira mtima, n'kunenanso kuti dziko linali litasanduka la ulamuliro wa apolisi. Boma la ku London linatola zomwe linakonda m'lipotimo, zina n'kuzikana, ndipo linatulutsa limodzi ndi lipotilo chikalata cha Armitage chotsutsa. Kufunsa anafunsa ndithu. Chitaganya chinadzatha pa 31 Disembala 1963.

Nanga thambo la Rumphi linali la yani masiku amenewo? Pangano la ku Chicago la 1944, lomwe linabala bungwe la ICAO loyang'anira za ndege padziko lonse, limayamba ndi mfundo yoti dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Koma Nyasaland sinali dziko lodziimira, ndipo m'nthawi ya chitaganya nkhani za ndege zinali m'manja mwa boma la ku Salisbury. Kampani ya Central African Airways, yomwe inakhazikitsidwa mu 1946, ndiyo inkalumikiza mabwalo ang'onoang'ono a kumpoto ndi tindege ta injini imodzi totchedwa Beaver, tonyamula anthu ochepa, makalata ndi mankhwala. Okwera anali ma DC, amishoni ndi azungu a m'maesiteti. Air Malawi inabadwa mu 1964 ngati mwana wa kampani yomweyo, n'kudziimira payokha mu 1967.

Mmalawi wamba amene anakwera ndege zaka zimenezo kawirikawiri sanakwere ngati mlendo. Anakwera ngati katundu wa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito, kupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Francistown. Bwalo la Fort Hill lija, limene a Congress anatseka, linali limodzi mwa malo omwe Wenela inkanyamulira anthu. M'midzi ya ku Henga ndi ku Nkhamanga mukadali nkhalamba zomwe zinaona mitambo kuchokera pamwamba zisanaonepo Blantyre. Ulendo umenewu unaduka pa 4 Epulo 1974, pomwe ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kumudzi atamaliza kontilakiti. M'mafuta ake munali mutasakanizika mafuta a ndege za mtundu wina. Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno. Apanso palibe anafunsa amuna aja, kapena akazi awo omwe ankadikira ndalama ku positi ofesi, ngati chiletsocho ndicho ankafuna. Chigamulo chinagwa kuchokera kumwamba monga chitini chija.

Bwalo la ndege lodziwika kwambiri m'boma la Rumphi lili ku Chelinda, pakati pa Nyika, pamtunda wa mamita oposa 2,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Mitengo ya paini yozungulira pamenepo inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi bungwe la Colonial Development Corporation, lomwe linkayesa ngati phirili lingakhale munda wa mitengo. Nyika inakhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo mu 1978 anaikuza kufika pa makilomita pafupifupi 3,200 m'bwalo lake lonse. Kukuzako kunasamutsa mabanja ambiri a Aphoka omwe anasiya minda, manda a makolo ndi malo opempherera mvula. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo munthu wofunsa mafunso ankadziwa komwe mafunso amathera.

Kutera pa Chelinda kuli ndi mwambo wake. Woyendetsa ndege satsika mwachindunji. Amayamba wadutsa chapansipansi pamwamba pa bwalo, kuyang'ana ngati palibe mbidzi, nchefu kapena chilembwe zikudya msipu pakati pa njira, ndipo phokoso la injini ndilo limazibalalitsa. Kenako amazungulira n'kubwera kudzatera. Ponyamuka amawerengera katundu mosamala, chifukwa mpweya wa pamwamba chotere ndi wopepuka, mapiko sagwira msanga, ndipo ndege imafuna njira yaitali kuposa ku Karonga m'mphepete mwa nyanja. Nkhungu ikagwa, phiri lonse limazimirira m'mphindi zochepa. Ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti pa Nyika mbidzi zimalandira chenjezo ndege isanatere, ulemu umene eni nthaka sanaulandire paki isanakule.

Tisanaweruze onse ndi ndodo imodzi, ndi bwino kumvetsa momwe mlengalenga amaugawira, pakuti si bwalo lopanda malire monga limaonekera kwa munthu ali kudimba. Thambo lonse la Malawi ndi chigawo chimodzi chotchedwa Lilongwe FIR, ndipo oongolera ndege ake amakhala ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe linatsegulidwa mu 1983. M'chigawochi muli misewu yosaoneka yokhala ndi mayina ndi manambala, muli malo oletsedwa, muli misinkhu yomwe ndege yopita kum'mawa ndi yopita kumadzulo zimagawana kuti zisakumane. Pamwamba pa Rumphi malire ali pafupi: kumadzulo kwa Hewe wayamba kulankhula ndi Lusaka, ukadutsa Songwe uli m'manja mwa Dar es Salaam. Kusuntha msewu umodzi kumafuna kuti oyandikana nawo onse avomere, ndipo kusinthako kumayamba kugwira ntchito pa masiku oikika okha, omwe amabwera pakatha masiku 28 aliwonse padziko lonse, kuti mapu a m'ndege zonse asinthire limodzi.

Kusintha kwakukulu kwa mtundu umenewu kunachitika pa 25 Sepitembala 2008, pomwe maiko a mu Africa anachepetsa mpata wa pakati pa ndege zouluka pamwamba kwambiri kuchoka pa mafiti 2,000 kufika pa 1,000, kuti m'mlengalenga mukwane ndege zambiri. Anakambirana zaka zingapo, koma okambiranawo anali maboma, makampani a ndege, mabungwe a oyendetsa ndege ndi asilikali. Mlimi wa fodya wa ku Bolero sanafunsidwe, ndipo kunena chilungamo, panalibe choti amufunse. Ndege yochokera ku Johannesburg kupita ku Nairobi imadutsa makilomita khumi kapena kuposa pamwamba pa chigafa chake. Chomwe amaona ndi kamzere koyera, phokoso limafika ndege itapita kale.

Kumaiko komwe ndege zimauluka pamwamba pa madenga a anthu usana ndi usiku zinthu zinasintha chifukwa anthu anakwiya. Ku Britain, kuyambira mu 2018, bwalo la ndege lofuna kusintha njira zake limatsata ndondomeko yotchedwa CAP1616. Limayenera kufalitsa mapu, kupatsa anthu nthawi yoyankha, yomwe nthawi zambiri imakhala masabata 12, kenako kusanja mayankho onse n'kuonetsa poyera kuti awa asintha pulani, awa sanasinthe, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Bungwe loyang'anira ndege likhoza kubweza pulani yonse ngati kufunsako kunali kwa chiphamaso. Azungu a kumeneko amadandaulabe kuti zigamulo zimakomera makampani. Koma gawo loti wofunsa abwerenso kudzanena chomwe wachita ndi mawu ako ndilo limene kwathu kuno sitinalizolowere, kaya ndi pa nkhani ya ndege, ya mgodi wa malasha ku Mchenga, kapena ya msewu.

Nkhaniyi ikanakhala ya kutali zikanakhala kuti thambo la pansi silinayambe kudzaza. Mu Malichi 2016 bungwe la UNICEF ndi boma anayesa ku Lilongwe kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pogwiritsa ntchito tindege topanda woyendetsa, ma drone. Mu Juni 2017 anatsegula ku Kasungu dera loyeserera tindegeti, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la pa boma, loyamba la mtundu wake mu Africa pa ntchito zothandiza anthu. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Kampani ya ku Germany ya Wingcopter, yomwe m'dziko muno inayambira ku Kasungu, inadzafikanso ku Rumphi kunyamula mankhwala kupita kuzipatala zing'onozing'ono za kumapiri. Aliyense amene anayesapo kupita ku Phoka mvula ili pakati, galimoto ikuterereka pa dothi lofiira, sangatsutse phindu lake.

Koma drone siuluka makilomita khumi kumwamba. Imadutsa poti ukhoza kuiona mapiko, pamwamba pa bafa la udzu lopanda denga, pamwamba pa manda, pamwamba pa khola. Ndipo ikuuluka m'dziko lomwe nkhani ya ndege za usiku, zija amati za lichero zomwe zimagwa mafuta akatha pabwalo la munthu wokhwima, si nthabwala kwa aliyense. Chaka chomwe dera la ku Kasungu linatsegulidwa ndi chomwenso mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu angapo n'kuphedwa, bungwe la United Nations n'kuchotsako antchito ake kwa kanthawi. Oulutsa ma drone anaphunzira msanga kuti safunsa anadya phula. Amayamba kwa mfumu, amaitanitsa msonkhano, amatsegula kabokosi kuti anthu aone kuti muli mankhwala, amaulutsa kandegeko anthu akuonerera.

Zimenezi n'zabwino, ndipo n'zoposa chitini cha 1959. Komabe mawu omwe amagwiritsidwa ntchito m'maofesi amaulula zambiri. Amati tikupita kukapanga sensitaizeshoni, kutanthauza kukadziwitsa anthu chomwe chagamulidwa kale kuti asachite mantha. Kudziwitsa ndi kufunsa ndi zinthu ziwiri. Mayi wa ku Mhuju akanena kuti njirayi isadutse pamwamba pa dambo pomwe amayi amasamba, kodi mzere wa pa kompyuta umasuntha? Gulupu akafunsa kuti zithunzi zomwe kamera ingajambule zimasungidwa kuti ndipo amaziona ndani, yankho lake limalembedwa pati? Kandege kakagwera pa denga la munthu, amakadandaula kwa yani, kwa kampani, kwa DC, kapena ku Lilongwe? Awa si mafunso a umbuli. Ndi mafunso omwewo amene anthu a ku London amalemba m'makalata awo a masabata 12 aja.

Woyenera kuyankha alipo. Kwa zaka zambiri nthambi imodzi ya boma, Department of Civil Aviation, ndiyo inkayendetsa mabwalo ambiri, kuongolera ndege, n'kumadziyenderanso yokha ngati ikutsata malamulo, ngati mwana wa sukulu wodzichongera mayeso. Lamulo la za ndege la 2017 linalamula kuti pakhale bungwe loima palokha, Malawi Civil Aviation Authority, ngakhale panapita zaka lisanayambe kuyenda ndi miyendo yake. Pakati apo tinachita manyazi. Mu Januwale 2019 South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Chileka, oyendera a ku South Africa atapeza kuti mpanda wa bwalo unali wobooka ndipo zida zozimitsira moto ndi zopulumutsira anthu zinali zoperewera. Zomwe ogwira ntchito pabwalopo ankaziona tsiku ndi tsiku zinakonzedwa mwamsanga mlendo atatseka chitseko. Tili ndi khutu lakuthwa ku mawu ochokera kunja.

Phunziro lowawa kwambiri linabwera pa 10 Juni 2024, kufupi ndi kwathu kuno, m'nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inalephera kufika ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa n'kukagwa paphiri. Onse anamwalira, ndipo ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany atafufuza anapeza kuti munalibe makina osunga mawu a oyendetsa kapena mayendedwe a ndege, kuti batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa linatha mphamvu mu 2004, komanso kuti zomwe oyendetsa ankalankhulana ndi oongolera ndege a ku Lilongwe sizinajambulidwe. Anapereka malangizo oti zimenezi zikonzedwe. Komiti ya woweruza Jabbar Alide nayo inamva maumboni n'kupereka lipoti mu Disembala chaka chomwecho. Nkhungu ya ku Viphya ndi yomweyo ya ku Nyika, ndipo ndege yopita ku Chelinda ndi alendo imadalira makutu omwewo a ku Lumbadzi. Munthu wa ku Rumphi ali ndi ufulu womva, mfundo ndi mfundo, kuti pa malangizo aja ndi ati atsatidwa, ndi ati akudikira ndalama, ndi ati akanidwa.

Pa Khondowe zilembo zija anazisamalira kuti zisafafanizike, ndipo ana a yunivesite ya Livingstonia amadutsa pafupi nazo popita m'kalasi, ena osatembenuka n'komwe. Ndinaona mnyamata wina ataima chakumapeto kwake akuyesa kuzijambula ndi foni. Anabwerera m'mbuyo, anakweza manja, anakwera pa kamwala, koma mawu onse sanakwane m'chithunzi chimodzi. Mnzake anamuuza m'Chitumbuka kuti pafunika drone. Anaseka onse awiri n'kumapita.

A Malawi Civil Aviation Authority, tsiku limene mudzajambule njira za ma drone kapena kusintha malamulo a thambo la pansi kumpoto kuno, musadzathere mu hotelo ya ku Lilongwe ndi makampani okhaokha. Mudzafike pa boma la Rumphi, ku Bolero kwa Chikulamayembe, ku Hewe kwa Katumbi, ku Mhuju ndi ku Chitimba, mapu ali m'manja, mawu ake ali m'Chitumbuka. Pa pepala la mafunso mudzasiye mizere yopanda kanthu pansi pa inde ndi ayi. Ndipo pakatha miyezi itatu mudzabwerenso pabwalo lomwelo, mudzatiwerengere zomwe tinanena ndi zomwe mwachita nazo.